Botolo Nambala 31

12 Juni

Okondedwa achemwali,

Mukukumbukira chaka chija bambo anamata tepi yakuda pa switchi ya nyale ya pakhonde, atatopa nafe chifukwa chongoyatsayatsa? Alendo ankati babu lapsa, bambo n'kumangoseka. Babulo linali labwinobwino, anangotseka poyatsira pake. Ndayambira kumeneko chifukwa sindikudziwa njira ina yokufotokozerani chimene chikundidya mumtima.

M'maselo athu muli malangizo amene timabadwa nawo, ndipo ena mwa iwo ntchito yawo ndi kuletsa chotupa kukula. Nthawi zina timankhwala totchedwa methilo timamatirira poyatsira malangizowo ngati tepi ija, iwo n'kukhala chete. Ku labotale kwathu tikufufuza ngati chizindikiro chimenechi chingaoneke m'malovu a odwala khansa ya m'kamwa ndi pakhosi. Kuti tiyerekeze bwino, pamafunikanso malovu a anthu athanzi. Athanziwo atachepa, apulofesa anati tipemphe achibale. Ine ndinapempha bambo.

"Sukulu yonse ija, mapeto ake kutolera malovu?" anatero. Analavulira m'kabotolo, koma anakagwira kanthawi osandipatsa. "Makina akowo amaona zonse?" Ndinangoseka.

Mabotolo sakhala ndi mayina, amakhala ndi manambala, ndipo wopima saloledwa kudziwa mwini wake. Apa ndiulule, achemwali: ndinakanda kamzere ndi pini kunsi kwa botolo la bambo. Ndinkafuna kudzawauza kuti ali bwino, basi. Zotsatira zatuluka sabata yatha. Mwa athanzi makumi anayi, botolo limodzi lokha ndilo likufanana ndi a odwala, nambala 31. Nditalitembenuza ndinapeza kamzere kanga.

Poyamba ndinadzikayikira ndekha, monga mukundidziwira. Ndinabwereza kawiri, zomwezo. Kenako ndinakayikira mnzanga wogwira naye ntchito, amene timamutcha Changu poti amalemba manambala uku akucheza pa foni. "Iwe, ukundiyang'ana ngati ndakubera mwamuna bwanji?" anandifunsa. Atatuluka ndinaunika m'buku lake, osapeza cholakwika. Apulofesa angoti, "Mwina ndi wosuta fodya, zimachitika. Kafukufuku si chipatala." Mwina akunena zoona, kapimidwe kathu sikanatsimikizike. Sindinawauze kuti munthuyo ndimamupatsa madzi osamba m'mawa uliwonse, chifukwa ndikatero ntchito yandithera.

Tsopano amene ndikuwakayikira ndi bambo. Mawu awo asasa kuyambira Malichi, iwo amati chimfine. Malaya akumamanga mpaka batani la pakhosi, ngakhale kutenthe. Nyama akumaikankhira m'mbale mwanga, ati mano. Akamameta ndevu akumatseka chitseko, pamene kale ankametera panja akuimba. Dzana ndinawaona pa galasi la m'khonde akusisita kunsi kwa khutu ndi zala ziwiri, atandiona n'kuyamba kukanda m'mutu. Ndinati tiyeni akakuoneni adokotala. Anati, "Adokotala ndili nawo m'nyumba muno, a malovu." Ndinasekanso. Ndimaseka nthawi zonse pamene ndiyenera kulankhula.

Kodi anavomera kulavula muja kuti ndidziwe ndekha, iwo asavutike kunena? Kapena ndine amene ndaona odwala ambiri, mwakuti khosi lililonse ndikuliona lotupa? Sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti matendawa akapezeka msanga munthu amachira, ndipo miyezi itatu yapita kale.

Inu amakumverani, achemwali. Simuseka akamakuzembani. Bwerani mwezi uno, kapena aimbireni muwalamule monga mumachitira. Za botolo musatchule kwa wina aliyense.

Mupereke moni kwa alamu. Ana muwauze kuti agogo awo amawafunsa tsiku ndi tsiku, ndipo asiya kuwaimbira foni chifukwa safuna kuti anawo amve mmene mawu awo asasira.

Bambo aima pakhomo pano, avala kale jekete. Akuti, "Ukulemba buku? Bweretsa, ndikudutsa ku positi." Ndikupinda mapepalawa n'kuwapatsa. Envelopu sindimata, akafuna awerenge.

Ine mng'ono wanu.