Nsalu Yakuda ya Amayi

Lolemba, 18 Disembala (tsiku la 32)

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene Bambo ananditenga kupita kuphiri lopatulika la Sabarimala. Mtsikana akakwana zaka khumi njira ya kwa mulungu Ayyappa imamutsekera mpaka adzafike makumi asanu, ndiye anati tipite isanatsekeke. Za kuphiriko ndimakumbukira zochepa: matope, fungo la mafuta a ng'ombe, khosi la Bambo lonyowa ndi thukuta. Chimene sichichoka ndi m'mawa wonyamukawo. Amayi anali kumwezi, choncho anali atasamukira kwa a Bhargavi kuseri kwa mpanda, monga amachitira mkazi aliyense mwamuna wake akavala mikanda ya ulendo. Anaima pampandapo manja atawabisa kumbuyo, kuopa kuiwala n'kundigwira. "Ukandionereko, Ambujam," anatero. "Ine zanditsalira zaka khumi ndi zitatu."

Anamwalira zitatsala zitatu. Nsalu yakuda ya ulendowo anali atagula kale. Ndi imene ndavala ine masiku 32 awa a kusala kokonzekera ulendo, fungo la m'bokosi silinathebe.

Lero m'bandakucha ndikusamba pachitsime ndapeza magazi. Pang'ono chabe. Patha miyezi khumi ndi inayi chisiyireni msambo.

Ndachapa, ndayanika pakati pa zina, ndaphikira Bambo phala la mpunga. Adya.

Lachiwiri, 19 Disembala

Palibe kanthu lero. Mwina ndinadzikanda. Mwina ndi madzi ozizirawa kawiri patsiku.

Bambo akhalira kuthirira mbande yawo ya kokonati m'chitini. Anakwera phiri maulendo khumi ndi asanu ndi awiri, n'kusiya chaka chimene Amayi anamwalira. Ulendo wa khumi ndi chisanu ndi chitatu munthu amakadzala kokonati kumeneko, ndipo iwo anati umenewo adzayenda ndi ine basi. Adikira zaka 32. Tsopano ali ndi makumi asanu ndi atatu, maondo akumalira ngati chitseko.

Akuti, "A Swami, tiyi wanuyu wa lero alibe chikhulupiriro." Chivalireni mikanda tonse timaitanana Swami, ndipo iwo akumva kukoma kwambiri kundiitana choncho. Ndawonjezera shuga.

Lachitatu, 20 Disembala

Zabweranso. Osati pang'ono.

Madzulo a Velayudhan, otsogolera gulu lathu, anabwera kudzawerenga mayina. Anandifunsa chitupa, kuti apolisi a kumtsinje wa Pamba amaona zaka. "Makumi asanu ndi chimodzi! Koma nkhopeyi akakubwezani, mukayende mowerama pang'ono." Onse kuseka. Kenako anatembenukira kwa Bambo: "Inu a Swami aakulu, ndanena kale. Popanda wapabanja wokugwirani mkono sindikutengani. Ine ndili ndi nkhalamba zisanu ndi ziwiri, manja awiri."

"Nkhalamba ndiwe," anatero Bambo. "Ndinakunyamula paphewa ukulilira nthochi."

Mchimwene Sadanandan ali ku Muscat, tchuthi anamukaniza. Wapabanja ndine ndekha.

Chitupa chikuti ndingadutse. Palibe adzafunse china. Ndinakhala pakati pawo ndikuyankhira nyimbo, nyali ikuyaka, ine ndikudziwa kuti sindiyenera kukhala ngakhale pakhonde. Kukoleji ndakhala zaka makumi awiri ndikuphunzitsa za zomera, ndipo m'chipinda cha aphunzitsi ndinanenapo mokweza kuti magazi a mkazi si litsiro. Ndikukhulupirirabe. Nanga bwanji mbale ya maluwa itandifika ndinaipatsira mnzanga osaigwira bwinobwino?

Lachinayi, 21 Disembala

Ndikupesa tsitsi ndinaona Amayi pagalasi. Ndikudziwa kuti ndi nsaluyi ndi kuwonda kwa kusala. Komabe ndinatembenuka.

Lachisanu, 22 Disembala

Ndinapita kwa a Bhargavi ngati ndikukapempha masamba a ndiwo. Ali ndi zaka pafupifupi za Bambo, mano anayi, maso akuthwa ngati kale. Anandiyang'ana mayendedwe ndisanakhale n'komwe.

"Iwe, a Swami aakazi, wayamba liti kuyenda ngati wanyamula dzira?"

Ndinawauza. Sanadabwe. Analavula masamba amene ankatafuna, n'kunena kuti nditsate. Kuseri kwa khitchini kuli kachipinda kaja, tsopano muli makoko a kokonati ndi njinga yakufa. Ndinali ndisanalowemo kuyambira ndili mwana. Kazenera kake kamayang'ana pachitsime chathu.

Akuti chaka chomaliza chija Amayi analowa m'menemo tsiku lachitatu la kusala kwa Bambo, osatulukanso mpaka Bambo atabwerako kuphiri. Masiku onsewo magazi osaleka. Ine ndinali kuyunivesite ku Trivandrum, ndikulandira makalata oti kuno tili bwino, uwerenge mwakhama.

"Ndinkamuuza, Devaki, tiye kuchipatala. Iye akuti ndidikire a Swami atsike, ndikawauza tsopano avula mikanda, ulendo uwonongeka chifukwa cha ine. Nkhani zoterezi sumuuza mwamuna ali m'mikanda. Bambo akowo m'mawa uliwonse akatunga madzi ankaima kuyang'ana kazeneraka. Kuima basi, chidebe m'manja. Osafunsa. Iyenso osanena. Anthu awiri okondana, opusa ngati mbuzi."

Ine ndinkadziwa kuti inali khansa ya chiberekero, kuti anaipeza mochedwa. Za masiku makumi anayiwo palibe anandiuzapo.

Ndinafunsa ngati Ayyappa angakwiyedi ndikakwera chonchi. Anaseka mpaka kutsokomola. "Ameneyo anasankha umbeta wake, tim'siye. Ngakhale mulungu wamkazi amene anam'funa uja anam'mangira kakachisi pambali kuti azidikira, mpaka lero akudikirabe. Ife ndife yani? Koma ine sindikunena za Ayyappa. Ndikunena za dokotala. Mawa."

Ndinati pangotsala masiku anayi kuti tinyamuke. Tikapita, tikabwera, sabata imodzi basi.

"Mawu omwewo," anatero. "Ndi nsalu yomweyo."

Loweruka, 23 Disembala

Sindinapite. Ndinaimba foni kuchipatala cha ku Kottayam, akuti dokotala wa amayi alipo Lachiwiri m'mawa. Lachiwiri m'mawa ndi pamene tikumanga mitolo ya nsembe kukachisi n'kukwera basi. Ndinati ndiimbanso.

Sabata imodzi siisintha kanthu m'thupi, izi ndikuzidziwa, ndinawerenga. Mwinanso si chimene ndikuopacho. Ndikhoza kukwera mwakachetechete, Bambo akadzale kokonati wawo, ndikaonane ndi dokotala chaka chatsopano. Palibe angadziwe.

Koma ndayesa kuganiza nditaima pansi pa makwerero khumi ndi asanu ndi atatu olowera kukachisi wa Ayyappa, mtolo pamutu, mkono wa Bambo m'dzanja langa, iwo akulira ndi chimwemwe, ine ndikuwerenga maola oti ndikasinthe kansalu ka msambo. Kwa iwo ulendowo ukhala woyera chifukwa sakudziwa. Kodi imeneyo ndi mphatso kapena kuba? Ndipo akadzamva pambuyo pake, kuti mkazi wachiwiri m'nyumba mwawo anakhala chete kuti iwo akwere phiri?

Masana ndinawapeza akupala kokonati woti tikathiremo mafuta a ng'ombe a nsembe. Apala atatu. Ndinati, "A Swami, tilipo awiri."

"Wachitatu ngwa mayi ako." Sanadzutse mutu. "Ukanyamula ndiwe."

Lamulungu, 24 Disembala

Ndinayesa kunena. Titatha kudya ndinati, "Bambo." Anati, "Kuno kulibe bambo, kuli a Swami." Ankaseka. Ndinafunsa ngati akufuna madzi otentha a maondo.

Pakamwa panga pali mpanda umene sindinaumange ine. Mawu ake ndimawadziwa m'zinenero zitatu, ndawalembapo pabolodi pamaso pa anyamata makumi asanu ndi limodzi. Pamaso pa nkhalamba yovala mikanda akukana kutuluka.

Potunga madzi a madzulo ndinapezeka ndaima, chidebe m'manja, ndikuyang'ana kazenera kaja. Munali mdima, makoko okhaokha. Ndinaimabe nthawi yaitali, ngati pali woti ayambe kulankhula.

Lolemba, 25 Disembala (tsiku la 39)

Ndaimbanso ku Kottayam. Mawa 9 koloko. A Bhargavi akuti andiperekeza, bola ndiwagulire tiyi wa kusiteshoni.

Mikanda sindinavule. Savula munthu yekha, amakuvula amene anakuveka, ndipo anandiveka ndi Bambo.

Sindikudziwa chimene achite. Mwina apempha a Velayudhan kuti awapezere mkono wina, mwina akana. Mwina chaka chamawa maondo sadzalola, kapena ine sindidzakhalapo, kapena iwo. Mbande ija yatulutsa tsamba lachinayi, mizu yayamba kuboola chitini. Ndikuwalanda chinthu chimene adikira zaka 32, ndipo mwina dokotala mawa akanena kuti si kanthu. Pamenepo ndidzadziona bwanji?

Poti pakamwa pakana, ndang'amba masamba awa m'kope langali kuyambira Lolemba lapita. Ndinafuna kuchotsa la Lachisanu, la chidebe lija. Ndalisiya pamodzi ndi enawo.

Ali pakhonde, akusoka chingwe cha mtolo wawo. Ndawatengera magalasi owerengera. Andiyang'ana, ayang'ana kope lili m'manja mwangamu, ndipo nthabwala imene anali atayamba yathera pakamwa.

"Ndi chiyani, mwanawe?"

Sanati Swami.

Ndikumaliza mzere uno ataimika singano, dzanja atalitambasula. Ndipinda kawiri, ndiwapatse.