Mtedza Wanu Ndasinja

Amayi, kodi kumene muliko mukudzuka bwanji masiku ano? Ndine Esinati, mwana wanu uja munamulola kukwatiwa ku Mzimba uku mukung'ung'udza. Ndikulemba m'Chichewa chathu cha ku Dowa, poti kuno ndimangochilankhula ndi nkhuku.

Mimba ija ndinabwera nayo pamaliro anu inabadwa mtsikana. Ndinkafuna atenge dzina lanu, koma kuno amatcha dzina ndi agogo aamuna, ndiye ndi Tiwonge. Mphumi ndi yanu yomwe, kamwano nako sanakasiye. Mlongo wake Wongani wakula, wayamba kutsata ng'ombe. Bambo awo adakali ku Joni, chino chaka chachiwiri. Kalata zimafikira kwa apongozi aamuna, ine ndimangolandira moni wa pakamwa.

Mudzi uno si wosauka, Amayi. Khola ladzaza, nkhuku zili mbwee. Koma mbale yoyamba imapita kumphala, kumene amuna ndi anyamata amadyera, ndipo chambiko chimathera komweko. Wongani amabwerako masaya ali phuliphuli. Tiwonge amadya ndi ine, mtengwa, ndipo mtengwa amadya zotsala. Mazira akuti mwana wamkazi sadya. Ndinaseka nditamva, ndimayesa nthabwala.

Dzinja lapitali ndinapalira chimanga cha apongozi, ndinasoka fodya wawo, ndipo masiku ena tinkaitanidwa kukaphunzira magule a msonkhano wa chipani, kumene munthu sakana. Mkaka wanga unauma. Mwana ankatsala ndi phala la ufa woyera, lamchere basi. Kenaka mapazi anayamba kutupa, tsitsi linafiira, khungu n'kumasupuka. Chimene chinandiopsa si kutupako ayi, koma kuti analeka kulira. Ankangokhala pamene wamuika, n'kumakuyang'ana ngati nkhalamba.

Apongozi aakazi anamuona, anandiona, n'kunena kuti ndi moto. Ndi matenda aja kwathu timati tsempho. Mukudziwa tanthauzo lake kwa mkazi amene mwamuna wake ali kutali. Anandiitanira kuseri kwa nkhokwe nati, "Mkamwana, yowoya waka, ungonena basi. Ukatchula mwamunayo, mbwenu mwana achira." Ndinalibe dzina loti nditchule. Ndinalira, osati chifukwa cha manyazi, koma poti m'mudzi monse munalibe mmodzi wonena kuti Esinati timamudziwa. Kuchitsime akazi anayamba kusuntha ndowa zawo ndikafika. Ndikanatha kunyamuka kubwerera ku Dowa, koma ng'ombe za malowolo zinaperekedwa, ana ndi a kuno. Ndikanapita ndekha.

Tiwonge ndinamubereka mpaka kuchipatala cha mishoni ku Embangweni. Namwino anadina chala paphazi lake, dzenje linatsala. Sanandifunse za mwamuna aliyense. Anangofunsa chimene mwana amadya, ine ndinayankha. Anandiuza kuti m'phala ndiziikamo dzira, mkaka kapena nsinjiro, tsiku lililonse. Ndinati yewo, ndinatuluka. Njira yonse ndinkawerenga za m'mudzi mwathu: dzira lili ndi mwini, mkaka uli ndi mwini. Changa chinali chimodzi chokha.

Mukukumbukira mtedza wa chalimbana uja munandimangira pakansalu tsiku limene ndinkachoka? Munati mkazi wopita kwa eni azikhala ndi kake kolowa m'nthaka. Chaka chilichonse ndakhala ndikumudzala pachulu kuseri kwa nyumba, ndipo akachita maluwa ndinkapita kukakhala pamenepo ngati ndabwera kudzacheza nanu. Chaka chino udzu unamudya ine ndili m'minda ya eni, ndinangopeza wa mbewu, kathumba kamodzi kopachika kudenga.

Munkati wadya mbewu wadya chaka chamawa. Munandikwapulapo ndili kamtsikana chifukwa cha njere zochepa zimene ndinasolola m'thumba lanu. Mawu amenewo ndinawamva bwinobwino pamene ndinkamasula kathumbako. Ndinakazinga, ndinasinja, Amayi. Mtondo unkalira ine ndikulira.

Tsopano mapazi aphwa. Dzulo anandiluma chala ndikumudyetsa, kenaka analira mokuwa mpaka agalu anadzuka, ine n'kumaseka ndekha ngati wamisala. Apongozi akuti mizu yawo imene ankamumwetsa ndiyo yagwira ntchito. Sindinatsutse. Kuchitsime ndowa zikusunthabe, koma zimenezo ndazolowera.

Mvula yayandikira, anthu akukonza mizere, ine pachulu sindinapiteko. M'kathumba mwatsala wodzaza dzanja limodzi. M'mawa uno ndinauyang'ana nthawi yaitali, ndikuganiza zobisako njere zingapo kuti mtundu wanu usathe. Kenaka Tiwonge anakoka chitenje changa, atanyamula kambale kake. Mawa ndisinja wotsalawo.

Ndakusowani, Amayi. Kulibenso wina amene ndingamuuze izi n'kundikhulupirira ndisanamalize. Musandikwiyire. Mukafuna kuona mtedza wanu chaka chino musauyang'ane pachulu, muyang'ane pabwalo, ukuphunziranso kuyenda. Miyendo ikalimba ndidzabwera naye ku Dowa, adzaime yekha pamanda panu, mudzamuone. Limenelo ndi lonjezo langa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati