Seva Yathu Yafika Kuchipinda kwa Amayi

Lachinayi, 9 Meyi

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi kamwana kathu. Kuno tilipo. Ndalemba kuti ndidzitame, ndipo mundipirire, chifukwa ndinu nomwe munkati kakompyuta kanga kokalamba kaja kadzangotha magetsi. Lero amayi, ali chigonere pabedi, amuona mdzukulu wawo pa kanema amene atsegula okha ndi chala chawo, ndipo wachititsa zimenezi ndi mlongo wanu yemwe uno.

Chiyambi chake mukuchidziwa. Bambo anakanitsitsa kuti zithunzi za banja lathu zizisungidwa ndi anthu osawadziwa, ndiye ndinasandutsa kompyutayo kukhala seva, nkhokwe yathuyathu ya zithunzi, n'kuiika pansi pa tebulo la pabalaza. Ndinaipatsa dzina la pa intaneti, ndinaitsegulira khomo pa rauta, kabokosi kotigawira intaneti kaja, inu n'kuyamba kutumiza makanema a mwana. Kwanuko zinkatseguka. Ine kusukulu komwe ndimaphunzitsa zinkatsegukanso. Chimene sindinakuuzeni n'chakuti m'nyumba muno, pa waifai yathu yomwe, tsamba la makanemawo linkakana kutseguka. Ukalemba dzinalo, kachizindikiro kankangozungulira mpaka iwe kutopa.

Kuti uone kanema unkayenera kuzimitsa waifai n'kutuluka panja pomwe netiweki ya foni imagwira. Bambo zinawakomera zimenezi. Ankakokera mpando pageti n'kumaonetsa aliyense wodutsa, moti ngakhale otola zinyalala amadziwa kuti mwana wanu wamera mano. Koma amayi chidwalireni sadzuka, ndipo kuchipinda kwawo kuja netiweki ya foni sifika. Iwo ankangomva bambo akuseka panja.

Madzulo ndikaweruka ndinkakopera makanema m'foni yanga n'kukawagwirira kuti aone, koma amayi mukuwadziwa, sakonda kuchitiridwa zinthu. Tsiku lina anakankha dzanja langa.

"Mwanayo akuti ali pansi pa tebulo langa," anatero, "koma ine ndizidikira iwe kuti ndimuone? Masana onse ndimangoyang'ana denga."

Achimwene, mawu amenewo anandilasa. Ndinayamba kukayikira tabuleti yawo ija munawatumizira, ndinaifufuta n'kuikamo zonse mwatsopano, koma ayi ndithu. Ndinasintha mawaya. Bambo anati vuto ndi loti seva ili pansi, ndiikweze pa kabati kuti izipuma bwino, ndipo ndinaikwezadi kuti nkhani ithe. Mnzanga wina wa kuntchito anandiuza kuti ndingosiya, ndizisunga zithunzi kwa makampani a pa intaneti ngati anthu ena onse. Ndinamuyankha mwaulemu, koma mumtima ndinati uyu sandidziwa.

Loweruka ndinakhala pansi n'kutsatira njira yonse imene pempho limadutsa munthu akalemba dzina lija. Ndipomwe ndinaona kuti seva ilibe mlandu, tabuleti ilibenso mlandu. Dzinalo limaloza adiresi yathu yakunja, imene anthu akutali ngati inu amatipezera. Rauta yathu ili ngati mlonda wa pageti amene amadziwa kulondolera alendo okha. Mlendo akagogoda amamulowetsa bwinobwino, koma mwininyumba akafunsa adiresi yomweyo ali mkati, mlondayo amasokonezeka, sadziwa kumubwezera pabalaza. Nditawafotokozera bambo anaseka mpaka kutsokomola, akuti mlonda wotere akanamuchotsa ntchito kalekale.

Sindinamuchotse, ndinangomuphunzitsa. Ndinalowa m'rauta n'kulemba kuti aliyense wofunsa dzinalo ali m'nyumba muno azipatsidwa adiresi yamkati ya seva, asatulukenso panja. Poyamba zinakanabe, mtima wanga unagwa, kenako ndinazindikira kuti tabuleti ikadakumbukira adiresi yakale. Ndinaizimitsa n'kuiyatsanso. Zithunzi zinangoti mbwee! Ndinavina ndekha pabalaza, mphunzitsi wamkulu ngati ine.

Sindinawauze amayi msanga, ndinafuna nditsimikize kaye kuti sizisinthanso. M'mawa uno ndisanapite kuntchito ndinawatsamiritsa pa mapilo, ndinawaikira tabuleti pamiyendo n'kuwaonetsa poti adine. Anadina okha. Unatseguka kanema uja mwana akukana kusamba, akumenya madzi, alamu atanyowa thupi lonse. Amayi anauonera mpaka kumapeto, kenako anaubwereza. Bambo anaima pakhomo la chipinda, chipewa chili m'manja, kwa nthawi yoyamba osathamangira pageti.

"Makutuwa ndi a agogo ake," anatero amayi, "koma makaniwa ndi ako iwe."

Ndinavomera ndithu, chifukwa pakanapanda makani amenewo bwenzi akuyang'anabe denga. Ndanyadira, achimwene, sindibisa. Masana ndinasuzumira pa seva ndili kusukulu, ndinapeza kuti amayi akhala akutsegula makanema onse, ngakhale aja osaoneka bwino amene munajambula foni ikugwedezeka. Choncho musamasankhe, muzingotumiza chilichonse, ngakhale mwana atangogona.

Bambo akupereka moni, ati muwatumizire chithunzi choti mwana wayang'ana kutsogolo. Moni kwa alamu, muwauze kuti nyimbo imene amamuimbira mwana amayi aigwira kale. Amayi nawo akupereka moni. Nditabwera madzulo ano ndinawapeza atagona tulo, tsaya lawo lili pagalasi la tabuleti, kanema akadayendabe. Adokotala anabwera Lachiwiri, anakhala nthawi yaitali ndi bambo pakhonde, ndipo ulendo uno sanalembe mankhwala atsopano. Zija munanena zoti mudzabwera naye mwana kumapeto kwa chaka, chonde musadikire mpaka kumeneko. Mbali imene ndikanatha ine ndaitha. Amayi akufuna amunyamule.

Ndine mlongo wanu wamakani uja,
amene akukudikirani.