Ndakhala ndikufunda sanda ya mayi aang'ono

Agogo,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimagulitsa matemba pa Kachulu. Mutu wanga waima.

Mayi anga anamwalira mu Febuluwale. Ine ndinali ku chilumba cha Chisi kokagula nsomba, ndipo paja ife Asilamu maliro sitigoneka, ndinafika ataika kale. Itatha sadaka ya masiku makumi anayi, abale anagawana katundu. Ine anandipatsa sutikesi ya zitenje zakale zimene ena anakana, ati nsanza. Kwa ine sizinali nsanza. Munali chitenje chimene anandiberekera, china cha pa ukwati wanga, china chimene ankavala pokawoka mpunga ku Likangala. Njenjete zinali zitayamba kudya, ndiye ndinadula mbali zabwinozabwino n'kulumikiza chofunda chimodzi cha zigamba. Pansi pa sutikesiyo ndinapeza bafuta woyera, watsopano, wokulungidwa bwino. Ndinati Mulungu wapatsa, ndinamusokerera kunsi kwa chofundacho.

Mayi akudwala, mchimwene wanga Nasiru, amene ndi kalaliki ku Blantyre, anawajambula pa kaseti akufotokoza za mtundu wathu ndi za nsalu zawo. Kaseti ina anandisiyira, koma sindinaimvere, ndinkaopa mawu awo. Iye analemba zonse pa kompyuta ya kuntchito. Sabata yatha wanditumizira mapepala asanu ndi kanthu kakuda ka makona anayi, akuti disiki, ati mbiri yonse ili m'menemo. Ndakatembenuza, ndakaika pakhutu, kali zii. Koma pa tsamba lachitatu mayi akuti: “Bafuta woyerayo musakhudze. Tinagula mpukutu umodzi ndi mng'ono wanga Sumaiya, tinadula pakati. Theka ndi sanda yanga yondikulungira ndikafa, theka linalo ndi lake. Ndikungomusungira chifukwa nyumba yake imadontha.”

Theka la mayi anga anaikidwa nalo, limene ndinapeza m'sutikesi lija ndi la mayi aang'ono a Sumaiya. Agogo, miyezi inayi ndakhala ndikufunda sanda ya munthu wamoyo! Tsopano mayi aang'onowo akudwala kwambiri kwawo kwa Mwambo. Lachisanu nditakawazonda anandigwira dzanja n'kunena kuti, “Mwanawe, nsalu yanga ija ilipo? Ndikufuna ndikagone chimodzimodzi ndi mkulu wanga.” Ndinangoti ilipo.

Bambo a kunyumba akuti, “Bafuta ndi bafuta, kagule wina ku Zomba, adziwa bwanji?” Nasiru akuti ndisavutike poti zonse zasungika mu disiki, ngati munthu angakulungidwe mu disiki. Ine sindikudziwa. Ndikasosola ulusi ndiwononga chokhacho chimene ndatsala nacho cha mayi anga. Ndikapanda kutero ndanamiza wodwala. Nanga kufunda kwangako si kumene kwawadwalitsa? Nditani?

F. A.,
Kachulu, Zomba.

Mdzukulu wanga F. A.,

Tiyambe ndi mantha akowo. Nsalu siidwalitsa munthu. Mayi ako aang'ono akudwala chifukwa thupi latopa, ndipo chimene chikufunika ndi chipatala, osati misozi yako. Walakwitsa, inde, koma mosadziwa, chifukwa cha chikondi. Kunamiza wodwala ndiye kungakhale kulakwa kwadala.

Mwamuna wakoyo muuze kuti Agogo akana. Amayi amene anasankha okha nsalu m'sitolo amaidziwa ndi zala, ngakhale maso atachita chidima. Ndipo sakufuna bafuta, akufuna theka la mpukutu umene anagawana ndi mkulu wawo. Limenelo ku Zomba sagulitsa.

Tsono chita izi. Tenga lezala, usosole ulusi pang'onopang'ono, usang'ambe. Bafutayo umuchape, umusite, umupinde bwino. Unyamule pamodzi ndi zigamba zako zija, upite kwa Mwambo mawa lomwe, usadikire tsiku la msika. Ukagwade, ukanene zonse mmene wandiuzira ine. Akakukalipira, pirira, m'kamwa mwa wamkulu mumanunkha fodya. Zoti nsalu yobooledwa ndi singano ingagwirebe ntchito ya sanda, ine sindiweruza. Kafunseni a shehe ndi amayi osambitsa maliro, mayi aang'onowo ali pomwepo.

Chofunda chako sichifa ayi. Mayi ako ali mu zigambazo, kunsiko ukhoza kuikako nsalu iliyonse. Ndipo poti wapita, yala zigambazo pa mphasa, mayi aang'ono akuuze chitenje ndi chitenje, ndani anagula, chinavalidwa kuti. Tenga wailesi, kaseti yopanda kanthu ndi mabatire atsopano, ukawajambule mawu. Zimene mkulu wawo anaiwala, otsala nazo ndi iwowo basi.

Nasiru umuthokoze, wagwira ntchito, ngakhale mapepala ake anafika lumo litadutsa kale. Kadisikiko kaike m'chitini chotseka, kutali ndi dzuwa, chinyezi ndi wailesi. Koma usakadalire kokha, pa Kachulu palibe makina okawerengera. Mapepalawo achulukitse, m'bale aliyense akhale ndi ake. Chofundacho ukachijambulitse chithunzi, kumbuyo ulembe mayina ndi chaka.

Chenjezo langa ndi ili. Yankho unali nalo m'nyumba mwako miyezi yonseyi, pa kaseti imene ukuiopayo. Usadulenso kanthu ka malemu usanaimvere mpaka kumapeto. Ulira, palibe kanthu, lira. Koma uyambe wapereka nsaluyo mwini wake akadali ndi manja oilandirira yekha.

Ndine,
Agogo.