Kabokosi ndi Mita ya Pakhoma

Loweruka, 13 Meyi 2023

...ndiye mpira uli mkati, ofiira akukamenya kona, sikirini ya m'shedi ya mnzanga Goodson kungoti bii. Kenako kamzere koyera, kuyenda ngati nkhono. Ine ndili pakhomo pa shedi yanga ya vidiyo tsidya lino la msewu, ndikungoona chigulu chikutuluka kwake. Nsaru yonse kuthamangira kwanga. Ndikuti yonse, ndi mbuzi zomwe. Mabenchi kudzaza, ena pansi, ena kukakamira pazenera.

Nkhani yake nayi. Kabokosi ka Goodson, aka kokoka mpira pa intaneti, kadzipanga apudeti kokha. Osafunsa mwini wake. Kamzere katafika kumapeto kadzuka ndi nkhope ina, apu ija timadina kuti mpira ubwere palibe. Yafufutika. Mwangotsala makatuni a ana ndi mayi wina wachizungu wophunzitsa kuphika.

Ndaseka mpaka nthiti kuwawa. Ndinamukuwira Goodson kuti, "Achimwene, kabokosi kanu kalowa mpingo wina!"

Koma kudabwa ndiye ndadabwa. Chinthu chogula wekha, chodya bandulo yako, n'kumadzilamulira? Ndinayamba kuonetsa vidiyo nthawi ya matepi, zoterezi sindinazionepo. Kanga n'kofanana ndi kake, tinagula kwa munthu mmodzi. Kusiyana kwake, kanga kamandidziwa. Kamandiopa.

Lolemba, 15 Meyi

Mayo ine. Kanganso.

M'mawa ndikuyatsa kuti ndiike filimu ya nkhondo, pakona pa sikirini mawu a Chingerezi. Chingerezi changa chinathera Sitandade 5, koma liwu loti apudeti ndalizindikira msanga. Ndadina pobwerera, mawu achoka. Masana abweranso.

Loweruka likubwerali ndiye kuli mpira waukulu, umene ngakhale amayi a tomato akuukamba. Fodya wagulidwa, anthu ali ndi kanthu m'thumba, ndipo a kwa Goodson onse tsopano ndi anga. Koma anthu a mpira sakhululuka. Ukawagwiritsa fuwa lamoto tsiku lalikulu, benchi lako aliiwala mpaka kalekale. Taonani Goodson, lero amakolopa shedi yopanda munthu.

Amake Ethel akuti ndingokazimitsa mpaka Loweruka. Nanga sabata yonseyi tidya chiyani, sikirini? Ndipo Loweruka ndikakayatsa si kayambira pomwepo?

Ndakafunditsa chitenje. Chifukwa chake sindikudziwa.

Lachiwiri, 16 Meyi

Ndaimbira Nancy, mwana wa achemwali anga, uja amagulitsa mafoni ku tauni. Mwana wanzeru, anatengera ine. Netiweki yodukaduka, iye ali m'minibasi, kondakitala akukuwa m'khutu. Ndimangomva zidutswa. Koma pofunika penipeni ndagwira: "Amalume, kakaona kuti ndi ya mita sikapanga apudeti kokha, kamaopa kudya zambiri. Ingoikani pa mita basi." Foni n'kuduka.

Mita! Ndinakhala pansi kaye. Zaka zonsezi magetsi a m'shedi ndimakoka ku golosale yoyandikana nane, waya umodzi kuboola khoma, mita palibe. Kabokosi kanaona kuti pano ndi pa ulere, n'chifukwa kakudya mosaopa ngati mlendo wa pa ukwati. Goodson nayenso amakoka kwa ometa tsitsi, wopanda mita. Zonse zagwirizana. Mutu uwu, anthu inu. Akanandisiya sukulu ndimalize bwenzi ndege zikutera pa Nsaru.

Ndapita kwa a Thomson a zamagetsi. Ali nayo mita yaing'ono, ija amaikira anthu a lendi. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Akuti chiyambire ntchito yawo sanamvepo kuti mita imaletsa za pa intaneti. Ndawauza kuti sayansi inapita patsogolo, iwo anatsalira pa mababu. Angoti chabwino, mwini ndalama ndine.

Yodula. Thumba limodzi la chimanga latuluka m'nyumba mwakachetechete. Amake Ethel sakudziwa.

Lachinayi, 18 Meyi

Mita inakhomedwa dzulo. Ndinawauza a Thomson aiike moyang'anizana ndi kabokosi kuti kaziiona bwino. Kagetsi kofiira kakuphethira, manambala akuyenda. Kukongola kwake! Ndipo chodabwitsa, chikhomereni mawu aja sanabwerenso. Ngakhale kamodzi. Ine ndemwe thupi lachita tsemwe.

Ndalemba ndi choko pachitseko: PANO MPIRA NDI WA MITA, SUDUKA. Anthu akuima kuwerenga. Dalaivala wa minibasi ya ku Kabudula wasiya anthu m'galimoto kudzaona. Mkulu wina wafunsa ngati ingagwirenso pa wailesi yake imene imasintha siteshoni yokha. Ndati zimatengera mtundu wa wailesi.

Madzulo kwabwera Goodson. Wagwada pakhomo penipeni, anthu akuona, kuti ndimuuze chinsinsi. Misozi mbwembwembwe. Ndamuuza kuti nzeru sizigawidwa ngati makuponi a feteleza. Wabwerera ali khuma.

Nancy waimba kangapo. Sindinayankhe, ndinali ndi alendo odzaona mita. Ndimuthokoza mpira ukatha.

Loweruka, 20 Meyi

Ndilembabe.

Shedi inadzaza dzuwa likadali pamutu. Mabenchi ena obwereka. Ena achokera ku Nambuma pa njinga, ati amva za mpira wa mita. Ine malaya oyera, rimoti m'thumba la pachifuwa. Mpira wayamba bwinobwino, chithunzi choyera, ine ndikungoyendayenda kuloza mita. Mpaka abuluu apatsidwa penate. Womenya waika mpira pansi, wabwerera m'mbuyo, shedi yonse zii.

Bii.

Kamzere.

Ndinadina batani lililonse la pa rimoti. Ndinazimitsa n'kuyatsanso, kamzere kuyambiranso poyambirira. Ndinakanyamula kabokosi n'kukayandikiza pa mita kuti kaione bwino, mwina kanaiwala. Mita ikungophethira, kuwerenga magetsi amene kabokosi kakudya pondipha. Wina kumbuyo anafunsa kuti, "A Chikoti, kodi mita yatha mayunitsi?" Shedi yonse kuseka.

Kenako tsidya la msewu phokoso la chigoli. Kwa Goodson. Mpira ukuoneka kwa Goodson! Ndinaima kukamwa yasa. Kathamangidwe kake, benchi lobwereka lathyoka pakati, chitseko chatsala ndi hinji imodzi. A ku Nambuma okha ndi amene anakumbuka kuitanitsa ndalama zawo. Kamzere katatha, pa sikirini mayi uja wophika, akundimwetulira ndi anyezi m'manja.

Ndinaimbira Nancy pompo. Lero netiweki ndiye yabwino, liwu lililonse kumveka. Anayamba kuseka, atamva mawu anga analeka. Akuti mita yake si ya pakhoma. Ndi mawu chabe ali m'kati mwa kabokosi, pamalo posinthira za wayifayi. Umangodina kuti intaneti iyi ndi ya mita, yoyezera, ndiye kabokosi kamaleka kukoka zinthu zikuluzikulu pakokha. Kudina basi. Kwaulere. Akuti n'zimene amandiimbira Lachinayi, atamva kwa amake kuti amalume agula mita. "Mita yeniyeni, amalume? Ya a lendi?"

Ndinafunsa kuti nanga mawu aja anasiyiranji kubwera. Akuti kanali katamaliza kukoka apudeti yake, kamangodikira nthawi yoti kayambe. Ndiye masiku onse ndimavina aja, mkati kanali katanola kale mpeni.

Kubwera kudzakonza akuti mwina mwezi wamawa. Mwezi wamawa ligi idzakhala itatha.

Lamulungu, 21 Meyi

Ku tchalitchi sindinapite. Mutu.

Amake Ethel afunsa za thumba la chimanga. Ndawatengera ku shedi, ndawalozera pakhoma. Ayang'ana mita, andiyang'ana ine, amanga mpango n'kumapita kopemphera. Bola akanakalipa.

Masana kunali mpira wina. M'shedi mwanga nkhuku imodzi, nayonso sinakhalitse. Tsidya anthu mpaka mumsewu. Choko cha pachitseko ndafufuta ndi malaya oyera aja. Ndinakhala, kukhala, mpaka ndamva akukuwa za kadi yofiira. Mtima unakana. Ndavala chipewa, ndachikokera kumaso, ndawoloka.

Pakhomo Goodson yemwe. Ndatulutsa ya pakhomo, wandibwezera dzanja. Wandipatsa mpando wake wa pulasitiki, iye n'kuimirira. Ndimadikira kuti anene za mpingo wina, ndinali nditakonzeka kale. Sananene. Kani mlamu wake wa ku tauni anabwera Lachitatu, anabwezeretsa apu ya mpira n'kudina pa mita paja. Akadali konkuno. Mpira utatha Goodson anangoti, "Mawa m'mawa mubwere nako kabokosiko, mlamu asanakwere minibasi."

Ndipita. Ndikafunditsa chitenje, anthu aziyesa ndanyamula buledi.

Anthu abwerera kwanga kapena ayi, sindikudziwa. Mwina theka. Mita a Thomson akuti salandiranso, inakhomedwa kale.

Ndikonze malo amodzi ndisanatseke bukuli. Za Lachinayi zija. Goodson sanagwade ayi, misozi panalibe. Anabwera ali chiimire, rimoti yake ili m'manja, nati, "Achimwene, mita yake si imeneyo, tiyeni ndikusonyezeni pomwe ili."

Za makuponi zokhazo ndiye ndinanenadi.