Muzu wa ku China ndi magazi a Esinati

Achemwali anga okondedwa,

Moni nonse pamudzipo. Ine thupi lili bwino, koma mwana wanu Esinati ali m'chipatala, sakuyankhula. Akundilemberayu ndi mayi wa kumpingo, ndamuuza kuti asakometse mawu anga.

Chibadwire khanda lake lija, Esinati anatuwa ngati phulusa. Ndiye ku Govanhill, dera lina kuno kunja, m'sitolo ya Mtchaina, ndinapeza muzu wouma, woyera mkati, wafungo lamphamvu. Nditaluma unayamba kutsekemera, kenako kuwawa. Mayi yemweyu anandimasulira kuti dzina lake ndi dangwi, ku China amamwetsa amayi otha magazi ndi ovutika m'mimba akakhala kumwezi.

Ndinawiritsa n'kuyamba kumwa ndekha, monga ankachitira mayi athu. Paja mankhwala supatsa munthu usanalawe. Sindinamve kanthu, choncho ndinkamumwetsa Esinati mkamwini akapita kuntchito.

Lachinayi Esinati anayamba kamfuno wosaleka, mpaka anakomoka. Adokotala akuti muzuwo sugwirizana ndi mapiritsi amene amamwa oti magazi asaundane. Nanga za mapiritsiwo anandiuza ndani? M'nyumba muno zonse amayankhulana m'Chingerezi, ine ndili pomwepo.

Mkamwini anangoti, “Amayi, mwatiphera munthu. Tikiti yanu yobwerera kumudzi ndagula kale.”

Ine ndinati, “Bambo, muzu sunalakwe. Kwalakwa ndi kubisirana.”

Chonde uzani amalume ake a Esinati amuimbire foni mkamwiniyu, ndipo kumpingo mutikumbukire m'mapemphero. Nyumba yanga musavutike n'kusesa. Ndege ine sindikwera Esinati asanatsegule maso n'kundiitana.

Mulungu akusungeni nonse.

Ine mng'ono wanu,
Make Esinati