Pasita Wanga ndi Mwana Wako

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ndi ntchito yako yotsuka mbale za eni. Kuno tonse tili gwa, alamu ako akungodandaula kuti lamba wawachepera.

Kalata yako ndalandira, yoti ukubwera kumapeto kwa mwezi kudzatenga mwana wako. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Mwana utiyo? Kaudzudzu unandisiyira kaja, koti mphepo ikawomba tinkachita kukapsinja ndi mwala, kulibenso. Pano ndi Chigubu, sikelo ya kuchipatala imachita kulira akamamupachika.

Mankhwala ake ndi manja angawa. Ndimakanda ufa wa tirigu ndi mazira atatu, kuufutukula ndi botolo mpaka upyapyale, n'kudula timizere. Pasita ndi ameneyo, osati wa m'pepala mumadya kumenekoyo, wouma ngati misomali. Kenako ndimawiritsa mkaka, kufinyiramo ndimu, ukagwirana n'kusefa pansalu. Zotsala pansalupo ndiye tchizi. Iwe mkaka ukatero unkakhuthulira kudzala, uli wawonongeka, mwana akuyamwa chala.

Anamwino anandiuza kuti ufawo umapatsa mphamvu, mazira ndi tchizi zimamanga thupi ndi kulimbitsa mafupa. Anangondidzudzula kuti ndiziikamo masamba, mchere ndichepetse, koma ndinaona kuti ndi nsanje. Anafunsanso ngati mayi wake ndine. Sindinakane, pamzere panali anthu ambiri.

Tsono ndikuululire. Unamuphunzitsa kunditchula amayi aakulu. Zoti aakuluzo zinkamuvuta ali ndi pasita mkamwa, anazisiya, ine sindinamukonze. Iwe amakutchula anti a pafoni. Dzana ndinamuonetsa chithunzi chako, anafunsa ngati munthuyo anamwalira.

Usalire, paja ukalira nkhope imakutupa ngati mtanda. Ine zaka khumi ndi ziwiri m'nyumba muno munali zii, anthu akuloza mimba yanga pamsika. Lero Chigubu akathamanga mbale zimagwa pashelefu, ine n'kumangosekerera.

Ndapota nawe, usamutenge. Iwe suvuta, mwamuna akangokupatsa moni umaima, udzabereka wina. Bwera udzadye, nawenso unenepeko, ndidzakuphunzitsa kukanda. Koma chikwama chake sindilongedza.

Ambuye akusunge. Upereke moni kwa achimwene athu ndi akazi awo owonda aja. Mwanayu ndamuuza akupatse moni, wati sapatsa moni anthu osawadziwa.

Ndine mkulu wako,
Amake Chigubu